ZA ANA ATHU NDI NTCHITO: Wophunzira za Anthu a Kunyanja



Mwana akati, "Ndifuna kuphunzira jogalafe," atate amafunsa, "Kodi mapu amadyedwa?" Pakuti tidazolowera kufunira ana athu udokotala kapena unamwino. Mwezi uno tiyeni tilingalire za ntchito imeneyi.

Jogalafe ili ndi nthambi ziwiri. Ina imaphunzitsa za mapiri, mitsinje ndi mvula. Inzake imaphunzitsa za anthu: kumene akukhala, chimene amadya, ndi chifukwa chimene amasamukira. Nthambi yachiwiriyi ndiyo yofunika kwa abale athu a m'mbali mwa nyanja.

Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idasanduka matope. Wodziwa za nsomba amawerenga matemba amene atsala. Koma ndani afunse kumene banja la msodzi lapita, ngongole ya ukonde ibwezedwa bwanji, ndipo ana atsala pasukulu kapena ayi? Wofunsa zimenezi ndiye mwana wathu uja.

Mafunso otere ali ndi phindu. Ku nyanja ya Malombe chambo chidachepa kwambiri ngakhale malamulo a boma analipo. Motero mu 1993 padayambika makomiti a m'madoko, kuti asodzi eni ake azithandiza kusunga nsomba. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima nzeruyi ndi yakale: kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi m'dzinja kuti nsomba ziswane. Wofufuza wanzeru amafika kumeneko ndi makutu, osati ndi pakamwa pokha, pakuti akulu ndi m'dambo mozimira moto.

Nanga njira yake ndi yotani? Mwana akhoze bwino mayeso a fomu 4, makamaka jogalafe, masamu ndi Chingerezi. Ku yunivesite, monga ya ku Zomba kapena ya ku Mzuzu, digiri yoyamba imatenga zaka 4. Wofuna kukhala mphunzitsi wa pa yunivesite aonjezere digiri yachiwiri, kenaka yachitatu ya udokotala wa maphunziro. Ntchito yake ndiyo kuphunzitsa, kufufuza m'midzi ndi kulemba zimene wapeza, kuti okonza malamulo asamangoganizira.

Tisabise: njirayi ndi yaitali, ndipo silemeretsa msanga. Mwana adzagona pamphasa m'madoko, nadzadikira msodzi wotopa kuti amuyankhe. Wonyoza fungo la usipa asaiyambe.

Pa Genesis 2:15 timawerenga kuti Mulungu adapatsa munthu udindo wolima munda ndi kuusunga. Nyanjanso ndi munda wa abale athu. Chotero inu makolo, mwana akaonetsa mtima wotere, musamubweze. Mumufunse, mumupempherere, ndipo mumulimbikitse.

Ambuye akudalitseni mpaka mwezi wamawa.