Nkhani za m'dera mwathu si miseche

Pali akuluakulu ena m'dziko muno amene akamva kuti anthu a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi akuuzana pa WhatsApp za mipopi youma, za akuba ndi za mankhwala osowa kuchipatala, amapukusa mutu nkumati ndi miseche ya malova. Ine ndikukana. Kodi ndi nyuzipepala iti ya mu Blantyre imene ingatume mtolankhani kukaona ngalande yotsekeka ku Mbayani? Eni dera akapanda kulemba okha, adzalemba ndani?

Ine ndinabadwa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itapita kale, koma inu amene munabwerera kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London mukudziwa bwino kumene mawu otere amachokera. Nthawi ya chipani chimodzi wailesi inali MBC yokha, ndipo zoona zinkayenda monong'ona poopa apayoniya ndi akazitape. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Marichi 1992 inafika patali chifukwa anthu wamba ankapatsirana pamanja boma litailetsa. Anthu omwewo lero ali ndi foni m'thumba.

Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Marichi 2023, amene ankadziwa nyumba yomwe yakokoloka ndi mwana yemwe wasowa ku Chilobwe anali anthu a pompo, osati nduna. Imeneyo ndi nkhani, abale anga, ngakhale italembedwa ndi mayi wogulitsa mandasi.

Nanga bwanji lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti lasanduka chikwapu? Mu 2022 apolisi anamanga munthu chifukwa cha mawu onena za Pulezidenti omwe analemba pagulu la WhatsApp. Wina akamangidwa chotere, dera lonse limatseka pakamwa, ndipo khansala waulesi amagona tulo tabwino. Ndime 35 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Sinasankhe atolankhani okha.

Komabe tisanamizane. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo. Bodza likalowa mufoni limathamanga kuposa njinga yamoto, ndipo ndi lomwelo limene ofuna kutitseka pakamwa amaliyembekezera kuti apezerepo chifukwa. Choncho woyang'anira gulu aliyense afunse zitatu uthenga usanapite patali: wauona ndani, wauona kuti, wauona liti? Chithunzi cha munthu womuganizira kuba chisatumizidwe, popeza mawa mudzamupeza ataotchedwa ndi matayala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mankhwala a bodza ndi anansi ofunsana, osati unyolo wa apolisi. Aphungu athu akonze lamulo la 2016 lija, ndipo makhansala alowe m'magulu amenewa kudzayankha za mipopi ndi zinyalala. Amene anavotera nyali mu 1993 sanavotere kuti tizinong'onanso.