Kope Silitha Batire

Anzanga akandiona ndikuthira inki m'cholembera changa amaseka, ati ndikukhala ngati kalaliki wa nthawi ya atsamunda. Aseke ndithu, koma ine ndikuti wophunzira aliyense akhale ndi kope lolembamo pamanja nkhani za kwawo.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi anakhala akuzimazima kwa miyezi yambiri. Mafoni ankazima dzuwa lili paliwombo, manotsi athu ali momwemo. Kope lokha ndilo linkawerengeka pa kandulo.

Komatu nkhani yaikulu si magetsi. Mu 1859 David Livingstone anafika pa mathithi omwewa a Kapichira, sitima yake n'kulephera kupitirira. Zimene anaona m'chigwa cha Shire timaziwerengabe lero chifukwa ankazilemba m'mabuku ake. Nanga Amang'anja amene anakumana naye ankaganiza zotani? Mawu awo ambiri anapita nawo kumanda, ife n'kumamva mbiri yathu kuchokera kwa mlendo.

Wina anena kuti kope limanyowa, ndipo ku Chikwawa madzi osefukira sasankha. N'zoona. Ndiye lijambuleni pa foni, musunge pawiri. Koma yambani mwalemba pamanja, chifukwa dzanja limachedwa, ndipo kuchedwako kumapatsa mutu mpata wosankha mawu.

Holide ikubwerayi khalani pansi ndi agogo, muwafunse za madzi a 2015, mulembe mmene akunenera. Cholembera chodula n'chosafunika. Bolopeni ya pa golosale ikwanira.