Musamatule Sitampa pa Kalata ya Agogo

Alipo anthu amene amati akapeza kalata yakale m'sutikesi ya agogo, athamangira kumatula sitampa, envulopu naiponya pamoto. Ati sitampa ya nthawi ya atsamunda ndi chuma. Ine nditi anthu otere adzibera okha.

Taganizani. Masitampa a kobiri limodzi a 1934, aja a nyalugwe ndi nkhope ya Mfumu George V, anasindikizidwa ochuluka zedi. Chimodzimodzinso a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland amene anayamba mu 1954. Osonkhanitsa masitampa ku London ali nawo kale, ndipo sangakupatseni ndalama yogulira ngakhale nkhuku. Odula ndi osowa okha, monga a mapaundi a 1891 odindidwa malemba akuti B.C.A. Nanga ndi mlimi uti anatumizapo kalata ndi sitampa ya paundi?

Koma envulopu yathunthu inena zambiri. Chidindo cha positi chionetsa tsiku ndi malo, kaya Fort Johnston, kaya Port Herald, kumene lero titi Mangochi ndi Nsanje. Pomwepo pali dzina lolembedwa ndi dzanja la agogo anu, kapena la mphunzitsi amene anawalembera iwo asanadziwe kugwira cholembera. Ngakhale ogulawo apereka mtengo woposa sitampa ikakhala idakali pa envulopu yake.

Ena ati, "Nkhope ya mfumu ya Azungu tiisungirenji?" Kodi kalatayo inachokera kwa mfumuyo? Inachokera kwa agogo anu aakazi kunka kwa amuna awo ku Joni, ndipo kobiri la sitampayo analipeza atagulitsa mazira.