Imfa Imodzi, Mafilimu Atatu

Anyamata athu kuno ku Vinthukutu, makamaka obwera ku Joni, amaidziwa nkhani ya Oscar Pistorius, katswiri wothamanga amene anapha bwenzi lake Reeva Steenkamp ndi mfuti ku Pretoria pa 14 February 2013. Nkhaniyi yajambulidwa kangapo.

Filimu ya 2017, Blade Runner Killer, ndi sewero chabe. Makolo a Reeva anadandaula kuti sanafunsidwe. Nalo banja la Pistorius linaikana. Ya 2020, The Life and Trials of Oscar Pistorius, imakhalitsa pa mbiri ya wakuphayo, ulumali wake ndi mamendulo ake. Tangoganizani, kanema woitsatsa pa BBC sanatchule n'komwe dzina la malemuyo, mpaka anamuchotsa anthu atakwiya.

Kwa ife yabwinoko ndi My Name is Reeva ya 2022, m'mene mayi ndi bambo ake akudziyankhulira okha. Paja Surat Al-Isra, ndime 33, imapereka mphamvu kwa mwini mbumba wa wophedwa mopanda chilungamo, ndiye woyenera kumvedwa poyamba. Komabe si ya ana a ku madrasa. Makolo, yambani mwaionera nokha.