MALANGIZO A PA ULENDO: Kamangidwe ka Cola pa Sutukesi ya Mawilo

Nyengo ya masika ikafika ndipo nchito za kumunda zikacepa, makolo ambiri a ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi amakwera basi kukaona ana ao ku Lusaka. Ena amafikira ku Kabwata, ena ku Chelstone, ndipo ambiri ku Kaunda Square, komboni imene iri kufupi ndi mseu wa Great East kum'mawa kwa mzinda. Pobwerera kumudzi, katundu amakhala atacuruka. Mwana wapereka sutukesi ya mawilo yodzala ndi zobvala, shuga ndi sopo, ndipo pambali pali cola ca m'manja, mwinanso thumba la ukwa. Manja ndi awiri okha, ndipo limodzi lagwira mdzukulu. Apa ndi pamene pafunika kudziwa kamangidwe ka cola pa sutukesi.

Sutukesi yokoka si ya kale kwambiri. Munthu wa ku America, Bernard Sadow, anaika mawilo anai pansi pa sutukesi mu 1970. Mu 1987 woyendetsa ndege wina, Robert Plath, anapanga yoima ciriri, ya mawilo awiri ndi cogwirira cotuluka ndi kubwerera m'kati. Iye anaipangira pansi posalala pa mabwalo a ndege. Wapaulendo wa kuno aikumbukire mfundo imeneyi, pakuti njira yocokera pakhomo kufika pokwerera minibasi iri ndi miyala, mcenga ndi ngalande, ndipo m'dzinja iri ndi matope.

Nchito imayamba polongedza. Zolemera, monga shuga, mcere ndi nsapato, ziikidwe pansi kufupi ndi mawilo, ndipo zopepuka pamwamba. Cola cokwezedwa pamwamba cikhale copepuka koposa sutukesi yeniyeniyo. Cikalemera kuposa, kulemera konse kumagwera pa dzanja la wokoka, ndipo sutukesi imapendekera ndi kugubuduka pamene wilo limodzi lakwera kamwala.

Kenaka cogwirira citulutsidwe conse, cola cikhazikidwe pamwamba pa sutukesi, citatsamira pa tizitsulo tiwiri ta cogwiriraco. Zola zina za masiku ano ziri ndi nsaru yosokeredwa kumbuyo, yotseguka pamwamba ndi pansi, imene munthu amalowetsamo cogwirira. Ngati cola ciribe nsaru yotere, citenje cakale cimagwira bwino nchitoyi. Cipindidwe m'litali, cizungulire cola pakati, cipite kumbuyo kwa tizitsulo tonse tiwiri, cipingasane, cibwerenso kutsogolo, ndipo mfundo imangidwe kawiri. Kumanga pa kacitsulo kamodzi kokha kumalola cola kuzungulira ndi kulendewera cam'mbali. Malegeni odulidwa ku cubu ca njinga kapena ca galimoto amagwira kolimba koposa citenje, cifukwa amakoka okha katundu akasuntha. Koma zingwe za mphira za ngowe zacitsulo, zogulidwa pa msika, zifuna kusamala, pakuti ngowe ikapulumuka imabwerera ndi mphamvu ndipo ingalase diso.

Pali njira yaciwiri, yoyenera cola colemerapo. Lamba amangidwe pa cogwirira cacifupi ca pamwamba pa sutukesi, ndipo cola cilendewere kutsogolo kwake, cotsika ndithu koma cosakhudza pansi. Sutukesi ikapendeka pokoka, colaco cimagona pa iyo, ndipo kulemera kwake kumakhala pa mawilo, osati pa dzanja. Cobvuta cake ndi cakuti munthu akaima ndi kuisiya, sutukesi imagwera kutsogolo, motero aitsamiritse pa cipupa kapena pa mwendo wace.

Atamanga, wapaulendo ayese katundu wace pabwalo asanatsazike. Ayende mapazi makumi awiri, atembenuke, abwerere. Cola cikasuntha pabwalo, pa mseu cidzagwa. Adziwenso kuti tizitsulo ta cogwirira ndi ta mphako m'kati, tinapangidwira kukoka osati kunyamula. Pofika pa ngalande, pa masitepe kapena pakhomo la minibasi, sutukesi inyamulidwe ndi cogwirira cacifupi. Kacitsulo kakapindika, cogwirira sicibwereranso m'kati, ndipo ulendo wonse umasanduka wa kusenza pamutu. Pa mcenga ndi pa matope timawilo tating'ono timamira, makamaka ta sutukesi ya mawilo anai, kotero ndi bwino kuinyamula kufikira pouma.

Mabasi a ku Chipata amanyamukira pa Intercity, mu mseu wa Dedan Kimathi, ndipo ambiri amacoka m'mamawa. Pamalopa pamakhala khamu la anthu, ang'wang'wazi oitanira mabasi, ndi anyamata a mawilibala. Ambiri a iwo akufuna cakudya ca tsikulo mwacilungamo, koma pakati pa khamu sipalephera wakuba. Katundu wokokedwa amakhala kumbuyo kwa mwini wace, kumene maso saona. Cifukwa ca ici, zipi ya cola iyang'ane ku tizitsulo, ndipo pamalo opanikizana sutukesi ikokedwe pambali peni-peni pa mwendo. Ndalama, foni ndi citupa ca NRC zisakhale m'cola comangidwa, koma pa thupi, m'thumba la m'kati kapena m'kacikwama ka m'ciuno. Mlimi amene wataya ndalama za mbeu ndi feteleza pa siteshoni wataya caka cathunthu.

Pokwera basi cola cimasulidwe. Sutukesi imalowa m'cipinda ca katundu pansi pa basi, kumene imapanikizidwa ndi matumba ndi makatoni, ndipo cola comangidwa pamwamba cingaphwanyike kapena kuduka. Cola cikhale pamiyendo, muli mankhwala, madzi ndi kamba wa pa njira. Ulendo wa ku Chipata ndi wa makilomita oposa 550, kudzera pa Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, ndipo pamene basi yaima anthu amatsika ndi kutulutsa katundu. Masutukesi akuda amafanana. Kansaru kowala komangidwa pa cogwirira, ndi dzina lolembedwa kunja ndi m'kati momwe, zimateteza kuti wina asatsike ndi katundu wa mnzace.

Amene apita kukaona ana kunja kwa dziko amakwerera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene linalandira dzinali mu 2011, ndipo nyumba yace yatsopano inatsegulidwa mu 2021. Kumeneko zola ziwiri zomangidwa pamodzi zimawerengedwabe ziwiri. Makampani ambiri amalola katundu wa m'manja wa makilogramu 7, ndipo malamulo amasiyana, cotero munthu afunse pogula tikiti. Safunsa anadya phula. Madzi ndi mafuta odzola olowa nawo m'ndege asapitirire mamililita 100 pa botolo, ndipo mabatire ocajira foni akhale m'cola ca m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa ndege.

Mabanja a m'tauni amene aperekeza makolo acite nchito ya kumangayi iwo eni madzulo a tsiku loti mawa ulendo, ndipo aonetse nkhalambazo kamasulidwe ka mfundo, kuti pofika pa Katete kapena pa Chipata zisafune mpeni wa munthu wacilendo.