Mawu a Mkonzi: Munda wa mbatata pasukulu ukhale malo ophunzirira

Mbatata, kapena kuti kandolo, ndi mbewu yoyenera munda wa pasukulu m'chigawo chino cha Kum'mawa kwa Zambia. Siifuna feteleza wambiri, mbewu yake imapezeka m'midzi momwemu, ndipo nyengo yake imayenderana ndi ya sukulu. Ana akamatsegulira mu Januwale mvula imakhala ili pakati, ndipo mbatata yobzalidwa masiku amenewo imakhwima pakatha miyezi inayi kapena isanu, temu yachiwiri itayamba. Mwana amene anabzala ndiye amadzakumbanso.

Minda ya pasukulu si yachilendo m'Zambia muno. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti sukulu zizilima ndi kuweta. Cholinga chinali chabwino, koma m'malo ambiri khasu linasanduka chilango cha ochedwa ndi olongolola m'kalasi, ndipo zokolola ana sankadziwa kumene zinkapita. Mwana wolima mwa njira imeneyi amangophunzira kudana ndi munda.

Phunziro limayambira pa mzere. Kholowa amadulidwa m'zidutswa za masentimita pafupifupi 30, chilichonse chokhala ndi mfundo zingapo, ndipo mfundo ziwiri kapena zitatu zimakwiriridwa m'nthaka. Pakatha sabata, mphunzitsi akazula chidutswa chimodzi, ana amaona timizu toyera titatuluka pa mfundo zija. Apa amazindikira kuti si mbewu zonse zimamera kuchokera ku njere monga chimanga ndi nsawa. Akaika mbatatesi pambali pa mbatata, kusiyana kumaoneka: mbatatesi ili ndi maso amene amaphukira chifukwa ndi tsinde lomera pansi, pamene mbatata ndi muzu wosunga chakudya.

Chakudyacho chimapangidwa m'masamba mothandizidwa ndi dzuwa, ndipo mfundo imeneyi, imene ana ambiri amangoiloweza kuti akhoze mayeso, munda ungathe kuionetsa. Mzere umodzi uzithyoledwa masamba a ndiwo kawirikawiri, wina usiyidwe, wina ubzalidwe pamthunzi wa mango. Tsiku lokumba, mbatata za mzere uliwonse ziyezedwe pasikelo ndipo ana alembe okha m'makope. Masamu alowa pomwepo.

Tizilombo natonso timaphunzitsa. Mvula ikatha nthaka imang'ambika, ndipo nankafumbwe wa mbatata amalowera m'ming'alumo kukaikira mazira. Mwana akadula mbatata yoboolekayo amaona tinjira takuda mkati mwake, akailawa ikuwawa, ndipo amamvetsa chifukwa chake agogo ake amakwirira mizere. Pali mfuko imene imadya mbatata chapansipansi, palinso nyongolotsi zimene zimafewetsa dothi. Kusiyanitsa chowononga ndi chothandiza ndiye chiyambi cha kusamala chilengedwe.

Sukulu zingachite bwino kubzala mbatata yofiira mkati pambali pa Chingovwa imene alimi anaizolowera. Yofiirayo ili ndi michere imene thupi limaisandutsa vitamini A, wofunika ku maso ndi ku chitetezo cha thupi. Alangizi a zaulimi, ngakhalenso akatswiri a ku Msekera ku Chipata, angathandize kupeza mbewu yopanda matenda. Zokolola zidyedwe ndi ana omwewo, mbatata yophika kapena futali wothira nsinjiro.

Chovuta chachikulu chimadza m'chilimwe. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala kholowa amauma, ndipo wotsalayo mbuzi zotayirira zimamaliza, kotero kuti mvula ikagwa sukulu imakhala ilibe mbewu. Mankhwala ake ndi kadimba kakang'ono kotchinga ndi mpanda pafupi ndi chitsime, kamene makalasi azithirira mosinthana. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, apatule malo amenewa ndi kuzika mpanda mvula isanagwe, ndipo ahedi aike nthawi ya kumunda pandandanda wa maphunziro.