Tenda yachidule sitikuikana, koma mabuku akhale poyera



Sabata ino ambiri mwatitumizira zithunzi za ngalande ija inamangidwa chaka chatha m'dera lina kuno ku tauni, yomwe mvula yoyamba yaikokolola ngati yomata ndi phala. Ena mwalemba kuti "tiyeni ku msewu basi." Tamva. Koma tisananyamule zikwangwani tidziwe kaye chomwe tikukafuna, chifukwa tikangofika n'kumakuwa kuti "akuba! akuba!", bwana wa mu ofesi amangosolola fayilo n'kunena kuti zonse zinatsata ndondomeko. Chowawa n'chakuti nthawi zina sakhala akunama.

Boma kapena khonsolo ikafuna kumanga msewu, mlatho kapena buloko ya sukulu, njira yokhazikika ndi tenda yotseguka. Amalengeza mu nyuzipepala, makontirakitala olembetsedwa ku bungwe lija tinkalidziwa kuti NCIC amaponya mitengo yawo m'maenvulopu omata, ndipo tsiku lotsegula mitengoyo imawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Woyang'anira zonsezi ndi PPDA, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la 2017 m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP. Koma pali njira zinanso zachidule zololedwa. Ofesi ikhoza kuitana makampani ochepa okha. Pa ntchito yaing'ono ikhoza kungofunsa makoteshoni atatu. Ikhoza kupatsa kampani imodzi popanda mpikisano, zija amati single source. Apo ayi khonsolo ikhoza kugwira yokha ntchitoyo ndi antchito ake komanso giledala yake.

Ife sitikunena kuti njira zachidulezi zithetsedwe, ndipo amene akufuna tinene zimenezo atikhululukire. Kumbukirani Marichi 2023 namondwe Freddy atagumula milatho ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Ndani akanauza mayi wodwala wa kutsidya kwa mtsinje kuti adikire miyezi ingapo tenda ilengezedwe, iunikidwe, isainidwe? Komanso pa ntchito ya kalavati imodzi, kulengeza ndi kukhalitsa makomiti kumatha kudya gawo lalikulu la ndalama ya ntchitoyo. Ndiye pali ife eni ake. Mnyamata amene wamaliza za umisiri ku koleji ya TEVET n'kutsegula kakampani kake alibe banki yomuikira chikole cha tenda yaikulu. Khomo lake lolowera ndi makoteshoni omwewo. Tikalitseka, atsala ndi mabigi okhaokha.

Vuto ndi momwe khomoli limagwiritsidwira ntchito. Njira iliyonse ili ndi malire a ndalama, ndiye wochenjera amatenga msewu umodzi n'kuudula zidutswa zinayi, chidutswa chilichonse chigwere pansi pa malirewo, tenda yotseguka osachitikanso. Makoteshoni atatu aja nthawi zina amachokera m'chikwama chimodzi: kampani ya bambo, ya mkazi wake ndi ya mlamu wake, masitampa okha ndiye osiyana. Palinso changu chopanga dala. Ndalama ilipo kuyambira kale, koma amakhala chete chilimwe chonse, kufika Okotobala n'kumati mvula yayandikira, palibe nthawi ya tenda. Tinaziona kale kuti mawu oti "zadzidzidzi" amabisa zambiri. Kafukufuku wa ofesi ya Auditor General pa K6.2 biliyoni ya Covid-19, yemwe anatuluka mu 2021, anapeza kugula kosatsata ndondomeko ndi maalawansi osamveka, anthu akumwalira m'zipatala.

Musaganizenso kuti tenda yotseguka ndi yoyera ngati mngelo. Dilu yodziwika ndi iyi: ponya mtengo wotsika kuposa onse, wina tenda, kumba maziko, kenako bwera ndi kalata yoti nthaka yapezeka ndi thanthwe, mapulani asintha, onjezerani. Zoonjezerazo amati mavariyeshoni, ndipo sizilengezedwa mu nyuzipepala ngati momwe tenda inalengezedwera. Tsiku lotsegula maenvulopu tonse timaona mtengo woyamba. Mtengo womaliza amauona ndi anthu ochepa a m'chipinda.

Tisanamizire onse. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kontirakitala amene anasaina izi zisanachitike analiradi, ndipo ena oona mtima anagwa nazo. Koma kugwa kwa kwacha kumakweza phula, zitsulo, dizilo ndi zina zodalira ndalama yakunja. Nanga mchenga wokumba ku mtsinje womwewu? Nanga mnyamata wa wilibala, malipiro ake anakwera ndi 44 peresenti? Ambiri a inu munagwirapo maganyu amenewa, yankho mukulidziwa. Ndiye wina akakweza mtengo wa ntchito yonse mofanana n'kuloza kwacha, tikufuna tione masamu ake mzere ndi mzere.

Mizere imeneyi ilipo kale, sitikupempha chachilendo. Ntchito yomanga iliyonse yolongosoka imakhala ndi BOQ, pepala lolemba chilichonse chomwe chilowe: kukumba mamita angati, konkire yochuluka bwanji, zitsulo za saizi yanji, chilichonse ndi mtengo wake. Injiniya amayeza zomwe zagwiridwa n'kusaina satifiketi, malipiro amatuluka potengera satifiketiyo. Tiyerekeze kuti BOQ ya ngalande ikufuna konkire ya matumba 400 a simenti, koma amisiri amene anali pamalopo anawerenga matumba 250. Apo simufunikanso kukuwa. Funso limakhala limodzi: anasaina kuti konkire yonse yathiridwa ndani? BOQ ikakhala m'kabati, funsoli silifunsika. Ikakhala pa bolodi, ngakhale agogo ogulitsa tomato pafupi ndi ntchitoyo amasanduka oyang'anira, pajatu malole onse amadutsa pamaso pawo.

Pa ntchito yomwe khonsolo yagwira yokha ndiye pamafunika maso anayi. Amakonda kunena kuti tapulumutsa ndalama, kontirakitala akanatidula. Mwina. Koma muwerengere zonse: malipiro a antchito masiku onse anali pamenepo, dizilo, kutha kwa giledala, maalawansi a oyendera ntchito, zipangizo zotapa ku sitolo ya khonsolo. Mukangowerenga simenti ndi kwale, ntchito iliyonse ioneka yotchipa. Tikufuna kawerengedwe kamodzi m'makhonsolo onse, kuti kalavati ya ku Mzuzu tithe kuiika pambali pa ya ku Zomba n'kufunsa chifukwa chake ina yadula kawiri. Zomwezinso pa ntchito za CDF, zomwe zambiri ndi zazing'onozing'ono zoyenda m'njira zachidule zomwezi.

Tsono pempho lathu kwa makhonsolo, Roads Authority ndi maunduna nali. Mukasankha njira ina kusiya tenda yotseguka, lembani chifukwa chake m'Chichewa kapena chilankhulo cha deralo, mumate pa bolodi ya ofesi ndi pamalo a ntchito. Pambali pake pakhale mtengo womwe injiniya wanu anayerekeza musanafunse kampani iliyonse, BOQ yosainidwa, ndi dzina la mwini weniweni wa kampaniyo. Ntchito ikatha, matani mtengo womaliza ndi variyeshoni iliyonse. Chikwangwani chongolemba dzina la pulojekiti ndi la kontirakitala sichikutikwanira. Malawi ndi membala wa CoST, ndondomeko ya maiko yoika poyera za ntchito zomangamanga, ndiye mfundoyi boma linaivomera kale. Ndipo sitinaiwale Cashgate ya 2013, pomwe makampani ankalandira macheke osapereka kanthu, zolemba zake n'kufufutidwa mu kompyuta za IFMIS. Pepala lomwe anthu 500 alijambula pa foni silifufutika choncho.

Chida tili nacho. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zomwe akufuna kudziwa ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo amaliyang'anira ndi a Malawi Human Rights Commission. Simufunika loya kuti mupemphe. Kalata yapafupi, yotchula dzina la ntchito ndi mapepala omwe mukufuna, yakwana. Mukapereka, akudindireni kope lanu ndi deti.

Ndiye sabata ikubwerayi, wadi iliyonse isankhe ntchito imodzi yokha, yomwe ikumangidwa kapena yangotha. Jambulani chikwangwani ndi ntchitoyo momwe ilili, lembani kalata ija, khansala wanu mumupatsenso kope. Chonde, musavutitse amisiri ndi aganyu pamalopo, ndi anzathu omwe, si iwo amasaina. Musaponyenso maina a anthu pa gulu ndi mawu oti "wakuba uyu" tilibe pepala m'manja, mlandu wake ugwera inu nokha. Umboni wa ziphuphu ukapezeka tikausiya ku ACB mwadongosolo. Maofesi omwe akane kuyankha tiwalemba pa mndandanda, ndipo ulendo wa ku msewu uja ukayambira pa khomo pawo, makope odinda ali m'manja.

Zithunzi ndi makope a makalata tumizani kwa adimini wa wadi yanu. Fowadani uthengawu.